Ndinamira m'madzi olekeza m'mawondo ku Portugal

Anzanga a kufulati ku Rawdat Al Khail akhala akudabwa kuti chibwerereni ku Portugal sindikamba za nyanja. Ndimakamba za buledi wa kumeneko, misewu ya miyala, ngakhale amphaka onenepa a padoko. Za nyanja ayi. Lero ndati ndiulule ndekha, nkhaniyi isanawapeze kudzera pakamwa pa munthu wina amene angaithire tsabola.

Ine ndine dalaivala panyumba ina ku Fereej Al Murra kuno ku Doha. Dzuwa likafika poti chiwongolero chimaotcha ngati chiwaya, abwana ndi banja lawo amathawira ku Ulaya. Zaka zonsezi ndinkangowatula pabwalo la ndege n'kubwerera. Koma chaka chatha abwanawo anawachita opaleshoni ya bondo, ndiye tsiku lina anangoti, "Yalla, konza pasipoti, ukatiyendetse." (Yalla ndi "tiye" wa Chiarabu.) Mapepala anayenda, viza inatuluka, ine uyo m'ndege.

Tisananyamuke ndinapita kukatsanzika Misozi, mtsikana wa ku Chipata amene amalera ana panyumba yoyandikana ndi ya abwana. Ndinali nditamuzungulira kwa nthawi ndithu, koma iye ankandilandira ngati munthu wobweretsa gasi: mwaulemu, chitseko chotsegula theka. Nditatchula kumene tikupita, anafufuza pafoni n'kuona zithunzi za anthu ataimirira pamatabwa pamwamba pa mafunde. Anandifunsa ngati nanenso ndikakwera. Munthu wanzeru akanayankha kuti akupita kukagwira ntchito. Ine ndinati kwa Mmalawi madzi si nkhani. (Kwathu ndi ku Tsangano, kumapiri a ku Ntcheu. Madzi akuya amene ndinakula nawo ndi a pachitsime cha m'dimba la kabichi.)

"Manje imwe mukatitumizireko chithunzi tione," anatero, ndipo aka kanali koyamba kundimwetulira mano onse kuoneka.

Katauni kamene tinafikira ku Portugal n'kokongola, sindinama. Nyumba zoyera mbee, m'mphepete mwa mawindo mopakidwa buluu, zitakhala pamwamba pa phompho, nyanja ili m'munsi. M'mawa asodzi amakokera maboti awo kumtunda, masana tauni yonse imanunkhira nsomba zowotcha pamakala, zooneka ngati usipa umene wadya bwino. Achinyamata amayenda osavala nsapato, thabwa kukhwapa, tsitsi lili nyowe. Popeza ndinakulira kumalire ndi Mozambique, ndinauza abwana kuti Chipwitikizi asade nacho nkhawa. Titafika ndinazindikira kuti chimene ndimadziwa ndi kupereka moni, kuthokoza ndi kunenerera mtengo wa mbatata.

Tsiku limene abwana anandipatsa mpata wopuma, ndinatsikira kugombe n'kukalembetsa pa kasukulu kophunzitsa kukwera mafunde. Mphunzitsi wake anali Tiago, mwamuna wamtali, wopsa ndi dzuwa, wolankhula Chingelezi chabwino. Anandifunsa ngati ndimatha kusambira. Ndinagwedeza mutu mwa mtundu uja umene ungatanthauze chilichonse.

Anandipatsa chovala chakuda cha labala, chothina kuyambira m'khosi mpaka mu akakolo. Ndinalimbana nacho m'kachipinda kovalira mpaka thukuta kamukamu, n'kutuluka chifuwa patsogolo. Ophunzira anzanga, azimayi awiri achikulire a ku Germany, anayang'ana kumbali. Tiago anandinong'oneza kuti zipi imakhala kumsana. Ndinali nditavala chambuyo, zotetezera mawondo zili kuseri kwa miyendo. Ndinabwerera kukalimbana nacho kachiwiri.

Phunziro loyamba linali pamchenga. Kugona chafufumimba pathabwa, kupalasa ndi manja, kenako kudzambatuka n'kuimirira mwendo wina kutsogolo. Apa ndiye ndinawala. Munthu wozolowera kudumpha m'galimoto kukatsegulira madamu chitseko, kudzambatuka si vuto. Tiago anandiloza kuti enawo aonere kwa ine, ndipo mutu unandikula pompo. Ndinayamba kuganiza kuti mwina luso langa lenileni lakhala likuonongeka m'misewu ya Doha.

Panafunika wojambula. Pakhoma la padoko panakhala madala ena, msodzi, akusoka ukonde, kapu ili pamphumi. Ndinawapatsa moni m'Chipwitikizi changa cha pamsika, n'kuwapatsa foni yanga kuti andijambule vidiyo, ndikuwaonetsa ndi manja pofunika kudina. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, anayang'ananso nyanja, kenako anaika ukonde pambali n'kukhala bwino. Ndinayesa ulemu. Pano ndikudziwa kuti ankakonzekera kuonera sewero.

Palibe amene anandichenjeza za kuzizira. Nyanja ya ku Doha imakhala ngati tiyi amene waiwalidwa patebulo. Iyi inali ngati yotuluka mufiriji. Madzi atangondikhudza zala za kumapazi, ndinamva mano onse akuitanizana mayina. Koma kamera inali kumbuyo, ndiye ndinapitirira, thabwa lomangiriridwa kumwendo ndi chingwe.

Tiago anatiimika pamadzi ofika m'chiuno, pamene mafunde amafika atasweka kale, thovu lokhalokha. Azimayi a ku Germany aja anayamba. Wina anagwa n'kudzuka akuseka, winayo anayenda chogwada mpaka kumtunda. Itafika nthawi yanga ndinagona pathabwa, Tiago anandikankha n'kufuula kuti ndiimirire. Ndinadzambatuka monga pamchenga paja, ndipo ndinaimadi. Ndikulumbira, ndinaima. Ndinaona tauni yonse yoyera ikubwera kwa ine, mphepo ikundiomba kumaso, mtima unati myaa. Pamenepo ndinakumbukira kamera, n'kutembenuka kuti nkhope ioneke bwino, dzanja m'mwamba.

Thabwa linapita kwake, ine kwanga. Funde linanditenga n'kundizunguza ngati malaya m'makina ochapira a madamu. Kumwamba sindinakudziwe, pansi sindinapadziwe. Madzi amchere analowa m'mphuno, m'makutu, ndi m'malo ena amene sindinkadziwa kuti ali ndi khomo. Kenako china chake chinandikoka mwendo mwamphamvu. Chinali chingwe cha thabwa, koma ine ndinadziwa ndithu kuti chinsomba chandigwira. Mutu utatuluka ndinakuwa Chichewa chenicheni cha kumudzi: "Mayo ine! Ndafa ine! Chandiluma!"

Ndinapalasa, ndinaponda, ndinapemphera. Ndinaganiza za mayi anga, kuti adzamva bwanji zoti mwana wawo anachoka kuchipululu n'kukafera m'madzi a eni. Ndinaona miyendo ya munthu pafupi n'kuikumbatira ndi mphamvu zanga zonse. Mwini miyendoyo, Tiago, anawerama n'kunena modekha, ngati nesi:

"Bwanawe, ingoimirira."

Ndinaimirira. Madzi analekeza m'mawondo. Chapafupi pomwepo mayi wina anali atanyamula khanda, akulinyowetsa mapazi.

Ndinatuluka pang'onopang'ono, thabwa likundilondola m'mbuyo ngati mbuzi yokana kumsika. Madala aja anali akupukuta misozi ndi kapu. Anandibwezera foni, kenako anandigwira dzanja n'kundikokera kukanyumba kena padoko kumene anzawo ankawotcha nsomba. Anandikhazika pabenchi, kundipatsa nsomba pabuledi ndi khofi wowawa m'kakapu kakang'ono. Foni inazungulira benchi yonse. Aliyense ankati akafika pamene ndikukuwa, ankayesera kunena "Mayo ine", ndipo mapeto ake nanenso ndinaseka mpaka kutsamwa. Madalawo anadziloza pachifuwa, analoza nyanja, n'kupukusa mutu akupalasa manja m'malere. Ngati ndinamva bwino, iwonso kusambira sadziwa, ngakhale akalambira paboti. Kaya ankanena zoona, kaya ankangonditonthoza, sindinafune kufufuza.

Madzulo ake ndinafufuza vidiyo ija mpaka ndinapeza kamphindi kamene ndinali chiimire, dzanja m'mwamba. Ndinadulapo chithunzi n'kutumiza kwa Misozi. Yankho linabwera msanga: chithunzi n'chabwino, koma chikuoneka kuti chadulidwa pavidiyo, ndiye ndikabwerera ndikamuonetse yonse.

Ulendo wonse wobwerera ndinali kuganiza zoifufuta. Sindinatero, mwina chifukwa cha nsomba ya madala aja. Titafika ku Doha ndinampeza Misozi pageti akudikira basi ya ana, ndipo ndinangompatsa foni. Anaonera. Kuseka kwa madala kunkamveka kuyambira pachiyambi, chithunzi chikugwedezeka. Atafika pa "Chandiluma", Misozi anakhala pansi pamthunzi wa mpanda, atagwira m'mimba. Anabwezanso kuti aonerenso. Ine ndinaima poteropo ndikuwerenga nyerere, ndikudziuza kuti basi, khalasi, nkhani yanga ndi mtsikanayu yathera pano.

Atapuma anandiuza kuti iyenso anabwera ku Doha asakudziwa kusambira. Anaphunzira padziwe la kunyumba ya abwana ake, chifukwa sakanalera ana a eni pafupi ndi madzi iye ali woopa. Anati Lachisanu, tsiku lake lopuma, tipite kugombe la ku Ras Abu Aboud akandiphunzitse.

"Koma imwe mukanamanso, nizakusiyani m'madzi," anatero.

Tapitako kangapo tsopano. Ndimatha kuyandama chagada, iye atandigwira kumutu, ndipo ndikuvomereza kuti sindikufulumira kuphunzira. Ndinamulonjeza kuti pakamwa panga ndaika loko.

Sabata yatha, tili pa mzere wa magalimoto, abwana anati chaka chino akufuna kupita kumapiri a chipale, kumene anthu amatsetsereka pa timatabwa tiwiri. Anandiyang'ana pagalasi n'kufunsa ngati ndingakwanitse kuzizira kwake. Ndinamva pakamwa panga pakuyankha pokha kuti ife a ku Tsangano mapiri ndi kuzizira tinabadwa nazo.

Misozi sindinamuuze.