Tsiku Limene Lole Inamusiya Yotamu

Mwambi uwu unayamba motere, adzukulu. Wina akadzakuuzani kuti unachokera kwa makolo akalekale, mudzangomuvomera mwaulemu, koma mudziwe kuti iyeyo kunalibe. Ine ndinalipo, ndinaona ndi maso angawa.

Ndinali mnyamata nthawi imeneyo, tikugwira ntchito yozika mapolo a lamya m'mbali mwa msewu wa kunyanja. Unali mwezi wa Okutobala, dzuwa loti ngakhale mbuzi zimakana kutuluka pansi pa nkhokwe. Ikakwana thwelofu, dalaivala ankaimika lole pamsewu, ife n'kudutsa mchenga wautali ngati mabwalo awiri a mpira, kukakhala pansi pa mkuyu wa m'mphepete mwa madzi. Pamenepo tinkamasula timipukutu tathu ta chinangwa ndi usipa, uku tikuonerera za m'nyanja. Anali kanema waulere ameneyo. Nkhwazi inkatsika n'kunyamula chambo osapempha, mphipi zili pamwala zitayanika mapiko, mvuu kutali uko zikuyasamula ngati nazonso zakumba maenje m'mawa wonse.

Akapitawo athu anali a Gwaza, munthu wosaseka ndi aliyense. Lamulo lawo linali la mahutala atatu a lole. Yoyamba ikalira, nyamuka. Yachiwiri ikupeze uli m'njira. Yachitatu ikalira lole yapita, ndipo wotsalayo dzina lake lafufutidwa, ntchito yathera pomwepo.

Tsono pagulu pathu panali Yotamu, mnyamata wa kumapiri a ku Dedza, wa miyendo ngati nsungwi. Kwawoko anapambanapo mpikisano wothamanga n'kulandira ndowa yamalata. Ndowa imeneyo tinkaimva m'mawa, masana ndi madzulo, mpaka tinkaidziwa kuposa amayi ake omubereka. Koma anali ndi mwayi mnyamatayo, pakuti anali atatomera Esinati, mtsikana amene ankagulitsa thobwa pakampu pathu. Amalume a mtsikanayo anavomera chifukwa chimodzi chokha, chakuti Yotamu ali pantchito yapamwezi, ndipo ananeneratu kuti ntchito ikatha chitomeronso chatha. Ine thobwa la Esinati ndinkamwa kawiri patsiku, ludzu ndilibe, koma pakamwa pankandilemera.

Tsiku limenelo kanema anakoma kuposa masiku onse. Chapatali pang'ono ndi mkuyu wathu, ng'ona yaikazi inali itakwirira mazira ake mumchenga, ikulondera. Kenaka tinaona ng'azi ziwiri zikubwera monyang'ama. Imodzi inapita kutsogolo kukaiputa, ng'ona n'kupsa mtima, kuithamangitsa mpaka m'bango. Inzakeyo, mbava yeniyeni, inali itayamba kale kufukula mazira kumbuyo.

Yotamu anali asanaonepo zoterezi. Anaseka mpaka chinangwa kumutsamwa. Anavula jombo zake n'kuzitsamira, akuti aonere bwino.

Hutala yoyamba inalira. Woyamba kudzuka anali a Bwanali, mdala wa komweko kunyanja amene ankatsimphina mwendo wamanzere. Tonse tinakung'untha mathalauza n'kuwatsatira. Ine ndinamukoka malaya Yotamu kuti tizipita.

"Tsogolani, achimwene," anatero osandiyang'ana n'komwe. "Ndakupatsani theka la njira. Mukandipeza nditakhala kale m'lole."

A Bwanali anatembenuka n'kumuuza modekha kuti mchenga si dothi la ku Dedza. Yotamu anafunsa ngati dziko latembenuka, kuti munthu wa mwendo umodzi ndi theka aziphunzitsa liwiro mwini ndowa. Mdalayo anangopitiriza ulendo wake wa pang'onopang'ono.

Hutala yachiwiri inatipeza tikuyandikira msewu. Titacheuka tinamuona katswiri wathu akudzuka mwachifatse, akudziwongola manja ndi miyendo monga amachitira pampikisano. Anawerama kuti atole jombo. Nthawi yomweyo ng'ona inatulukira m'bango n'kupeza mbava ili ndi dzira kukamwa. Ng'azi inaliyatsa liwiro kulunjika kumkuyu, ng'ona ili pambuyo. Jombo zija Yotamu sanazitole, ndipo ndikhulupirira zili pomwepo mpaka lero.

Abale inu, kuthamanga anathamanga. Miyendo inkapalasa, manja akupalasa, fumbi lili koboo, koma munthu ali pamodzimodzi ngati nkhuku yofukula padzala. Akaponda, phazi linkamira mpaka m'kakolo. Akalizula, linzake lamira. Ng'ona inali itabwerera kale kumazira ake, inalibe naye ntchito, koma tsopano mdani anali pansi. Mchenga wa wani koloko mwezi wa Okutobala umawotcha ngati chiwaya cha tchipisi, ndipo iye anali wopanda nsapato.

Apa mpamene anatulukira nzeru. Anavula chipewa, kuchiponya pansi, n'kuimapo ndi mwendo umodzi ngati kakowa. Akapuma, ankachitola, kuthamanga mapazi khumi, kuchiponyanso, n'kuimapo. Chipewa chitachepa anavula malaya. Ife m'lole tinaseka mpaka misozi, sindikubisirani, ineyo ndinachita kugwira nthiti.

Kuseka kunatha pamene a Gwaza anayang'ana wotchi yawo. Chisoni chinatigwira tonse, poti ngakhale ankatitopetsa ndi ndowa yake, anali mnzathu. Tinawachonderera kuti adikireko mphindi ziwiri zokha.

"Ndikadikira ameneyu lero, mawa ndidzadikira nonsenu," anatero, n'kugogoda denga la lole.

Hutala yachitatu inalira Yotamu atatsala ndi mtunda woti pamsewu wouma akanautha musanaphethire. Lole inanyamuka iye ali chiimire pamalaya ake, mwendo umodzi m'mwamba. A Bwanali, amene anali atakhala phee pamwamba pa mapolo akumwa madzi, anamuyang'ana n'kunena mawu angapo. Palibe anaseka, koma tonse tinawasunga.

Anafika pakampu dzuwa litapendeka, mapazi ali matuza okhaokha, jombo alibe, ntchito alibe. Nkhani inali itafika kale kwa amalume a Esinati, pakuti nkhani siimira mumchenga. Patatha masiku atatu anakwera basi ya ku Dedza, kumene ndinamva kuti anakapambananso ndowa ina.

Mlungu wotsatira a Bwanali anandipeza ndikumwa thobwa lachiwiri, maso ali pansi monga mwa masiku onse. Anandinong'oneza kuti anyamata atatu ayamba kale kumva ludzu pamalo pomwepa, n'kundifunsa ngati nanenso ndikudikira hutala yachitatu. Chikho chimenecho sindinachimalize. Ndinatsegula pakamwa tsiku lomwelo, ndipo Esinati uja ndi agogo anu aja akutisuzumira pazenerawo, akuyesa sitikuwaona.

Ndiye inu, ndikakutumani kumunda n'kumati "tsogolani tikupezani," kapena anzanu ayamba kuwerenga za mayeso inu mukuti nthawi ikadalipo, muzikumbukira Yotamu ataima pamalaya ake, ndi mawu amene a Bwanali ananena pamwamba pa mapolo tsiku lija: liwiro la mumchenga n'kuyambira limodzi.