Tsiku Limene Apongozi Anga Anabiriwira

Inu, tasunthani pang'ono ndikhale, basi ija sibwera msanga. Mukuyang'ana zikhadabo zangazi? Si matenda ayi, ndi penti. Miyezi inayi tsopano, sopo walephera, palafini walephera. Tamverani mmene zinakhalira.

Kwathu ine ndili ndi dzina limene anandipatsa apongozi anga, amayi a mkazi wanga. Amanditcha a Theka, ati chilichonse ndimalekeza pakati. Khola la nkhuku ndinamanga makoma atatu, nkhuku n'kumatulukira kwachinayiko. Gitala ndinaphunzira nyimbo imodzi, nayonso koyambirira kokha. Dzinalo linamera mizu moti mkazi wanga yemwe akaiwala amati, "A Theka, madzi atentha." Zimandipweteka, ndisaname. Bambo wa ana atatu, imvi zili mbuu, kumaitanidwa ngati buledi wodula pakati.

Ndiye Loweruka lina masana pa TV panabwera pulogalamu yophunzitsa kujambula ndi penti. Mphunzitsi wake, bambo wa mawu ofatsa ngati akugoneka khanda, anangoti burashi uku, burashi uku, nkhope ya munthu n'kutulukira pansalu. Pomaliza analengeza mpikisano: jambulani wachibale wanu, zithunzi zosankhidwa tidzazionetsa pompano. Ndinaimirira.

"Amayi, ndikujambulani inuyo. Ndipo ndimaliza."

Apongozi anandiyang'ana kuyambira kumapazi. "Muyambire kumutu, a Theka, kuti mukalekeza anthu adzandizindikirebe."

"Koma ndikamaliza, dzina lija lithe."

"Mukamaliza ndidzakutchani bambo, pamaso pa anthu."

Tsopano ndikuuzeni za TV yathu. Zaka zisanu ndi chimodzi zapitazo mtundu wofiira unafa mmenemo, moti aliyense wooneka pagalasipo amakhala wobiriwira: owerenga nkhani, osewera mpira, akwati ndi aphelekezi awo, onse ngati ndiwo zamasamba. Mawu nawo amabwera akafuna okha. Mlamu wanga, mlongo wake wa mkazi wanga, amakonza ma TV kumsika, ndipo anandipempha kangapo kuti aione ulere. Ine ndinkati, "Alamu, chinthu choti chikuyaka sachitsegula pamimba." Komanso diso limazolowera, inu. Chaka chitatha tonse tinaiwala zoti pali vuto.

Penti wa akatswiri ndi wodula, choncho ndinakapempha zitini zotsala kwa mnzanga wopenta nyumba. M'malo mwa nsalu ndinazula chitseko cha bafa, ndinati banja lipirire mwezi umodzi, luso limafuna nsembe.

Phunziro la khungu la munthu litafika, mphunzitsi ananyamula kathabwa kake kosakanizirapo penti, n'kuyamba kutchula mitundu yoti tiphatikize. Pomwepo mawu anathawa. Bambo uja pakamwa pali yapuyapu, ine osamva kanthu. Mawu pobwerera ndinangotola mchira wake: "...mpaka ufanane ndi uwu." Anauonetsa pafupi. Ine si munthu wochita zinthu mwachisawawa. Ndinasakaniza, n'kumagunditsa burashi pagalasi la TV, kusakanizanso, kugunditsanso, mpaka zinafanana ndendende.

Nditawakhazika apongozi pampando, ndinayang'ana iwo, ndinayang'ana chitini, ndinakayika pang'ono. Koma sabata yomweyo mphunzitsi anali atanena kuti, "Ophunzira atsopano amaopa mitundu. Musajambule zimene mukuganiza kuti mukuzidziwa." Ndiye ine ndine yani wotsutsana ndi munthu wa pa TV? Amati safunsa anadya phula. Ine ndinadya ndi chitini chomwe.

Mphunzitsi anatinso poyeza nkhope uzitambasula mkono, chala chachikulu m'mwamba, diso limodzi chitsinzinire. Ndinatero.

"Mwanawe, tabwera kuno," apongozi anaitana mkazi wanga. "Mwamuna wakoyu akunditsinzinira diso."

"Ndikuyeza mphuno, amayi."

"Yakulakwirani chiyani mphuno yanga?"

Lamulo lina linali loti ukapenta pang'ono uzibwerera m'mbuyo mapazi atatu kuti uone bwino. Pabalaza pathu pamakwana mapazi awiri. Phazi lachitatu linalowa m'chitini. Mphaka, amene ankangodutsa osalakwira munthu, mpaka lero mchira wake ndi wobiriwira.

Chithunzicho sindinalole munthu kuchiona. Apongozi ankangoona kumbuyo kwa chitseko, ndipo ndikaweruka ndinkachifunditsa nsalu ya pabedi. Penti wa nyumba sauma msanga. Tsiku lomaliza nsalu ija inamatirira, poimatula maluwa ake anatsala pamasaya. Ndinati palibe kanthu, munthu wamkulu amayenera maluwa. Ndinasenza chitsekocho pamutu mpaka ku ofesi ya TV, anthu m'njira akundipepesa poganiza kuti nyumba yapsa ndipo ndapulumutsa chokhacho.

Koma inu, ndinamaliza. Kuyambira kumutu mpaka kumapazi, ndi ndolo zomwe.

Tsiku la mpikisano tinadzaza pabalaza: ine, mkazi wanga, apongozi atavala duku latsopano, mlamu, ndi anthu oyandikana nafe amene ndinawaitana ndekha kuti adzamve ndikutchedwa bambo. Pa TV panadutsa zithunzi zisanu ndi zitatu. Kenako anyamata awiri analowetsa chitseko chathu, chogwirira chake chili pomwepo.

Tonse tinasendera pafupi ndi TV. Woweruza mpikisano, wobiriwira, anaima pambali pa apongozi obiriwira a pachitseko, khungu lofanana ngati a mimba imodzi.

"Ndine ameneyu," anatero apongozi chapansipansi. "Taonani ndolo zanga."

Mkazi wanga anandigwira dzanja, chinthu chimene anasiya kalekale. Misozi inalengeza m'maso mwanga. Apongozi anatembenukira kwa ine, milomo yayamba kale kupanga "ba". Mbuzi ikakondwa, amalonda ali pafupi. Woweruza anatsegula pakamwa, mawu n'kuthawa.

"Ndikufuna ndimve akunditama chiyani," anatero apongozi. "Iwe, takonza chinthuchi."

"Alamu, musaigwire," ndinatero ine.

"Kawaya kamodzi kokha, alamu."

Analowetsa dzanja kumbuyo, kunamveka kuti thetheee. Mawu anabwera. Koma sanabwere okha, anabwera ndi mnzawo wofiira uja amene tinamulira zaka zisanu ndi chimodzi zapitazo. Woweruza anasanduka munthu ngati inu ndi ine. Makatani kumbuyo kwake anafiira. Zithunzi za anzanga zonse zinakhala anthu. Apongozi okha ndi amene anatsala mmene ndinawasiyira, obiriwira ngati chule wa m'dambo, maluwa a pabedi pathu ali m'masaya.

"Wojambula uyu ndi wolimba mtima," anatero woweruza, mawu ali gwa, kumveka mpaka kumsewu. "Watisonyeza mayi amene wakhala pansi pa madzi masabata atatu, koma sanasiye kukalipa. Sitikudziwa chimene banja limeneli linadutsamo, koma tikulipepesa."

Anthu oyandikana nafe aja anayamba kutuluka mmodzimmodzi, aliyense atagwira pakamwa. Mkazi wanga anabweza dzanja lake. Mlamu anafunsa ngati ndikufuna abwezeretse kawaya kaja mmene kanalili.

Apongozi sanakalipe, ndipo chimenecho ndiye chinandiopsa. Anakonza duku lawo, anayang'ana manja awo mkati ndi kunja, kenako anandiyang'ana ine.

"Mwamaliza," anatero. "Lonjezo ndi lonjezo. Bambo."

Linatuluka ngati akulavula mankhwala owawa, koma linatuluka, ndipo anthu awiri amene anali asanafike pakhomo analimva. Ine kusadziwa kusiya zinthu pabwino, ndinati, "Zikomo amayi. Mwezi wamawa kuli mpikisano wina, wojambula banja lonse."

Anandigwira pamkono, mofatsa, ngati munthu wodwala.

"Mwana wanga, ndakunyozani zaka zambiri, ndikhululukireni. Sindinkadziwa kuti kulekeza kwanu kuja Mulungu ankatiteteza nako. Kuyambira lero, chilichonse mwayamba, chonde, muzilekeza pa theka."

Chitseko anatibwezera, ndipo tinachibwezeretsa pabafa, nkhope kuloza mkati. Ana masiku ano amasamba mphindi ziwiri, madzi sakuwonongekanso. Basi ija ndi iyo, tiyeni.