Vinyo Wolavula wa ku Namiwawa

Pulani inabadwira pa shabini ina ku Limbe, masanasana, pa chipanda chachitatu cha masese. Mwini pulaniyo anali Pulofesa, munthu woti sukulu anailekeza Sitandade 5 koma kuyankhula ngati anaphunzitsapo aphunzitsi.

"Amwene, Loweruka ndi chinkhoswe changa," anauza anzake awiri, Sipoko ndi Bokosi. "Ndinamulonjeza Stacy kuti abale ake adzamwa vinyo, osati thobwa. Akuti ndikamuchititsa manyazi, ukwati palibe."

Sipoko, amene ankagwira ganyu yokhoma matenti, anali ndi nkhani. Mayi Gertrude a ku Namiwawa anali atangobwera kuchokera ku Kepi Tawuni, komwe anatha sabata yonse akuyendera minda ya mphesa. Anabwerako ndi makatoni a vinyo, ndipo anaitana anzawo kudzalawa Lachisanu masana.

"Dilu yatheka," anatero Pulofesa. "Malaya oyera, thalauza lakuda. Mlonda safunsa munthu wonyamula thileyi."

Zoonadi mlonda sanafunse. Pamene Mayi Gertrude ankaonetsa alendo zithunzi za mapiri, mizere ya mphesa ndi tinjira timene anayendamo atavala chichipewa, katoni yathunthu inadutsa kukhitchini pamutu pa Bokosi mpaka kunja kwa mpanda. Ntchito inali itatha. Akanangopita.

Koma Pulofesa anasuzumiranso pabwalo. Bambo wina wa suti ananunkhiza vinyo, kumuzunguza m'tambula, kumwa pang'ono, kuchukucha m'kamwa, kenaka n'kulavulira m'kandowa. Mayi wina analavulanso. Onse ankalavula. Nkhope ya Pulofesa inagwa.

"Ndi mtundu womwe tatengawu?"

"Womwewo," anayankha Sipoko. "Bigi, tiyeni tizipita."

"Ndikapatse akuchikazi chinthu choti olemera akuchita kulavula? Ndine wakuba inde, koma ulemu ndili nawo. Bokosi, bweza katoniyo."

Ine zitsiru ndaziona mu Blantyre muno, koma mbava yobweza katundu kuti akaisinthire ndi yomweyi basi. Bokosi analowera pageti lalikulu, katoni ili pamutu, n'kuitula pamapazi pa mwini wake.

"Mayi, pepani," anatero Pulofesa atapinda mawondo pang'ono. "Uyu ndi woonongeka. Wabwino mumasunga kuti?"

Mayi Gertrude anayang'ana katoni, anayang'ananso mawetala atatu amene sanawalembe ntchito. Anakodola mlonda kuti atseke geti.

"Ameneyu ndiye wabwino kuposa onse," anatero mofatsa. "Kuminda ya mphesa amalavula kuti asaledzere asanalawe wina."

Pulofesa anangokhala pansi pa kapinga. Zinamuwawa kuposa unyolo umene unabwera pambuyo pake.

Stacy anafika kupolisi Loweruka m'mawa, tsitsi ataluka kale. Anamvetsera nkhani yonse osaphethira.

"Katoniyo inali itatuluka kale pageti?"

"Eya, koma ndimafuna abale ako amwe chabwino."

Stacy ananyamula chikwama chake.

"Mbava ndikanapirira nayo," anatero. "Koma chitsiru, ayi."