Ching'azi cha ku Japan chinandithawitsa pa Boma

Anthu ena masiku amenewo ankathawa kwawo chifukwa cha ndale zenizeni, ndipo akamafotokoza lero timawamvera mwaulemu. Ine ndinathawa chifukwa cha filimu ya ku Japan. Nkhaniyi ndikamaikamba anthu amaseka, koma thukuta limene ndinatuluka linali lofanana ndi la enawo.

Zinali zaka za m'ma 80, nthawi ya chipani chimodzi, pamene munthu sunkalowa mumsika kapena kukwera basi wopanda khadi la chipani. Ndinali mnyamata wochokera ku Malindi, telala wa pakhonde la sitolo ina pa Mangochi Boma, kufupi ndi mlatho. Khondelo tinkagawana ndi Che Jafali, wokonza mawotchi. Iwo kathebulo kawo uko, ine makina anga kuno, tsiku lonse kumangotsutsana.

Vidiyo inali itangofika kumene. Mkulu wina wobwera ku Joni anaika kanema m'chipinda kuseri kwa golosale yake, mawindo atatseka ndi mabulangete. Ambiri ankakonda za karate. Ine zimene zinandilowa m'magazi zinali za zilombo za ku Japan, zija zimavuuka m'nyanja n'kumaponda nyumba zosanja ngati mabokosi a machesi. Panali imodzi ya chibuluzi chachikulu kuposa phiri, chimene chinkamenyana ndi bongololo wotalika ngati sitima ya pamtunda. Chijapani panalibe wochimva, ndiye mayina tinapereka tokha. Bongololoyo tinamuti Chibongololo. Chibuluzicho, poti ife a kunyanja buluzi wamkulu amene timamudziwa ndi ng'azi, tinachiti Ching'azi. (Amene munalipo masiku amenewo, tatchulani dzinali mofulumira mumve dzina laulemu la mwini dziko limene likufanana nalo. Ine chitsirune sindinazimve.)

Chaka chimenecho mwini dziko ankabwera kudzayendera mbewu m'dera lathu. Amayi a chipani anandibweretsera mulu wa nsalu zija zokhala ndi nkhope yake kuti ndiwasokere madiresi ovinira. Inali ntchito yofuna mtima uli m'malo. Sizasi isadutse pankhope, ndipo nkhopeyo isakapezeke pamene munthu amakhalira.

Tsiku lina masana ndinayala nsalu imodzi pathebulo, sizasi ili m'manja, Che Jafali n'kuyambitsa.

"Achimwene, ingovomerani. Chibongololo chili ndi magazi a chinyamata. Chanucho chakalamba."

"Kukalamba chakalambadi," ndinatero ine, mawu ali pamwamba monga mwa chizolowezi changa. "Mano anatha, kuyenda n'kokwekwereza. Koma Ching'azi sichifa, Che Jafali. Chikangomveka kuti chikubwera, masukulu kutseka, masitolo kutseka, mumsewu asilikali okhaokha, amayi kumangothamanga uku ndi uku. Anthu chawamaliza, atopa nacho, koma achita bwanji?"

"Tsiku lina chidzagwa."

"Inu mumatuluka filimu ili pakati kuthamangira swala kumzikiti. Ine ndiye ndikudziwa. Mathero a Ching'azi ndikuwadziwa ine."

Che Jafali anatola kagalasi kawo koonera m'kati mwa wotchi n'kukapana padiso, n'kuweramira wotchi imene anali atamaliza kale kukonza. Nditacheuka ndinaona kuti kumapeto kwa khonde kwaima a Mkwapatira.

Dzina lawo lenileni ndilisunge. Anali mkulu wa anyamata a chipani a malaya ofiira aja, ndipo tinkawatchula choncho chifukwa cha chikwama chakuda chimene sichinkachoka m'khwapa mwawo. Anthu ankanong'onezana kuti a Mkwapatira akakuyendera kunyumba, abale ako aziyambiratu kufuna nkhuni za pamaliro. Panali kalaliki wina amene ankati analankhula mosasamala m'bala ndipo sanaonekenso. Ankati anasanduka nyama ya ng'ona. Zoona kapena zabodza sindikudziwa, koma Shire anali pomwepo pansi pa mlatho, ndipo ng'ona zake tinkaziona zikuwothera dzuwa.

Apa m'pamene makutu anga anamva zimene pakamwa panga panalankhula. Ndinayang'ana pathebulo. Sizasi inali yasaa, pafupi ndi khosi la chithunzi chija.

"Atelala," anatero a Mkwapatira mofatsa kwambiri. "Mwati mathero ake mukuwadziwa?"

Ndinatseka sizasi ija msanga n'kuikankhira pambali.

"Musavutike pano, pali anthu. Nkhani imeneyi ndikufuna ndiimve bwinobwino tili awiri. Ndikupezani."

Anatsika pakhonde n'kumapita osafulumira. Che Jafali analonga mawotchi awo m'chitini, n'kusenza kathebulo kawo kupita nako pakhonde la tsidya la msewu. Sanatsanzike. Munthu amene tinkadyera limodzi chinangwa chootcha tsiku ndi tsiku anakhala kutsidyako atandifulatira.

Nditafika kumene ndinkachita lendi, amayi eni nyumba anandichingamira pachipata. Anati kunabwera bambo wa chikwama chakuda kudzafunsa ngati telala amakhala pano. Anandiuza zimenezi akuyang'ana pansi, kenaka n'kundifunsa ngati mpando wanga wa ndalema ndingawasiyire.

Sindinagone. M'mawa mwake ndinakankhira mutu wa makina ndi nsalu zonse kunsi kwa bedi, n'kukhoma chitseko. Kwa mayi anga ku Malindi sindikanapita, chifukwa ndiko akanayambira kundifuna. Ndinakwera lole ya nsomba yopita cha ku Nkhudzi, kwa amalume anga, msodzi wa usipa. M'njira monse aliyense wondiyang'ana anali kazitape. Gogo wina anandifunsa nthawi, ine n'kumuonetsa khadi.

Amalume ndinawapeza akusoka ukonde pansi pa mtengo. Atandiona nkhope anaika chingwe pansi.

"Waba?"

"Ayi, amalume."

"Wapereka mimba kwa mwana wa eni?"

"Ayi. Ndinanena kuti Ching'azi chakalamba ndipo anthu atopa nacho. Mkulu wa chipani anali pomwepo."

Amalume analitchula dzinalo chamumtima, milomo yokha ikugwedera. Anayang'ana kumanzere, anayang'ana kumanja.

"Bola ukanaba," anatero.

Anandibisa m'kanyumba kosungiramo usipa wouma, kopanda windo, kamene chitseko chake chinali cha bango. Ndinkagona pamatumba, kutsamira matumba, kupuma usipa. Akazi awo a amalume ankandilowetsera chakudya ngati akupatsira nkhuku. Injini ya boti ikalira kunyanja, ine ndinkamva galimoto. Mapemphero onse amene ndinaphunzira ku kalasi ya chitsimikizo ku Malindi anandibwerera, ngakhale aja ndinkalephera pamayeso. Ndinalonjeza Mulungu kuti akandipulumutsa sindidzapondanso m'nyumba ya vidiyo. (Lonjezo limeneli tisalikambe.) Chimene chinkandiwawa kwambiri chinali kuganiza za mayi anga, kuti adzamva bwanji, ndipo ndani adzalimbe mtima kuwapepesa poyera.

Ndikanakhalamo mpaka liti sindikudziwa. Koma tsiku lina dzuwa lili paliwombo ndinamva tswatswa kuseri kwa matumba. Ndinasuzumira. Maso anga anakumana ndi a ng'azi yeniyeni, yaitali ngati nkhafi, lilime likutuluka ndi kulowa. Inabwera kudzaba nsomba. Ine amene ndinkaitamandira pakhonde ndinadutsa chitseko cha bango chija osachitsegula. Ndinapezeka ndili pakati pa amayi oyanika usipa pathandala, ndikuloza kanyumbako. Anandifunsa kuti muli chiyani, ine dzina lake osafuna kulitchulanso m'moyo mwanga.

"Muli chinthu," ndinatero.

"Chinthu chanji? Nanga inu ndinu ndani?"

Pofika madzulo mudzi wonse unali utadziwa kuti m'kanyumba ka usipa mukukhala telala wa pa Boma. Nkhani ya kunyanja imayenda ndi ogula nsomba. Sipanapite nthawi, m'mawa wina galimoto ya chipani inaima pabwalo la amalume.

Amalume anakumbukira mwadzidzidzi kuti bwato lawo likuchucha, n'kutsetserekera kunyanja. Akazi awo anandipatsira bulangete ndi kamtolo ka mbatata yophika, misozi ili mbwembwembwe. Anandinong'oneza kuti kundende amati kumazizira. A Mkwapatira anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, anakwinya mphuno, n'kundilozera kumbuyo kwa galimoto. Iwonso anakwera komweko n'kukhala moyang'anizana nane, chikwama chili m'khwapa.

Ndinkayang'ana milambe ikudutsa, n'kumaitsanzika umodziumodzi. Titafika cha ku Makokola a Mkwapatira anamenya denga la galimoto, dalaivala n'kuima. Anamuuza kuti akamwe tiyi kwa mbale wake wogwira ntchito kuhotela. Tinatsala awiri.

"Tsikani, atelala. Tiyeni pamlambe apo."

Malowo anali a zii, ndipo nyanja sinali patali. Miyendo inandinyamula yokha, ine mwini ndinali nditafa kale.

"Mwandivutitsa," anayamba. "Amayi a chipani atsala pang'ono kundidya wamoyo. Mlendo ali pafupi kufika, inu madiresi awo mwakhomera m'nyumba n'kuthawa. Mukufuna akavine atavala chiyani?"

Kunena zoona, madiresi aja ndinali nditawaiwaliratu. Pothawa mlandu umodzi ndinali nditapalamula wina, woonekeratu ndi maso.

"Imeneyo mukaimaliza ndi amayiwo," anapitiriza. Anayang'ana kumsewu, n'kutsitsa mawu. "Tsono nkhani ija. Chinafa?"

Ndinagwada pafumbi.

"Sichingafe, bwana. N'chamuyaya. Ine ndimachikonda, mayi anga amachikonda, kwathu ku Malindi tonse tili pambuyo pake. Zokalamba zija ndinangolakwitsa, chikadali ndi mphamvu, chikhale ndi moyo wautali."

Sindinaonepo nkhope ya munthu ikusintha ngati mmene inasinthira ya a Mkwapatira. Anacheuka mbali zonse ngati mlambewo uli ndi anthu m'mwamba. Chikwama chija chinagwa m'khwapa.

"Dzukani msanga. Mukunena chiyani inu? Mukufuna mundiphetse? Ine ndikufunsa chibuluzi cha m'kanema."

Ndinakhala chigwadire.

Anafotokoza mothamanga, ngati munthu woulula matenda a manyazi. Tsiku lina analowa m'nyumba ya vidiyo ija kukaona ngati onse ali ndi makhadi, n'kuima kumbuyo. Anapezeka kuti wakhala pansi. Ndiye pamene Chibongololo chinali chitazenga chinzakecho pakhosi, akasinja atazungulira, tepi inadyedwa ndi makina. Mwini wake anaibweza ku Blantyre kumene anaibwereka. Ine ndinali nditaionera kale yonse izi zisanachitike. Kuyambira tsiku limenelo nkhaniyo inkawazunguza mutu.

"Munthu ngati ine sindingamafunse zimenezi pagulu," anatero. "Ndiye ndinamva inu mukuti mathero mukuwadziwa."

Ndinayamba kufotokoza. Ndinati chibuluzicho chinagwa pansi, anthu onse n'kuyesa chafa. Kenaka diso limodzi linatseguka. Pofika pamene chinadzuka n'kugwira Chibongololo kumchira, ndinali nditaimirira. Pofika pochizunguza m'mwamba n'kuchiponya m'phiri la moto, ndinali ndikuzunguza bulangete la kundende lija pamutu panga. Ndinamaliza ndi mmene chinabwererera m'nyanja pang'onopang'ono, msana wokha ukuoneka.

A Mkwapatira anatola chikwama chawo n'kuchisasa fumbi. Anaoneka okhumudwa zedi.

"Ndiye kuti anachibera Chibongololo," anatero. "Chija chinali chitapambana kale. Miyendo yonse ija chingagonje kwa chinthu cha miyendo iwiri?"

Mayankho anadzaza m'kamwa mwanga. Ndinali nawo ambiri, omwe aja ndinkagonjetsera Che Jafali. Ndinayang'ana malaya ofiira, ndinayang'ana nyanja.

"Zoona, bwana. Anachibera."

Dalaivala atatulukira poteropo, a Mkwapatira anandigwira pamkono. Mawu awo anabwerera mwakale, ofatsa aja.

"Atelala, kuyambira lero chimenechi n'chibuluzi. Dzina linalo ndinalimva bwinobwino pakhonde paja. Tingonena kuti kunali mphepo."

Thukuta limene linali litayamba kuuma linayambiranso.

Madiresi ndinawasoka amayi atandizungulira pakhonde, ena atagwira mphuno, wina atagwira nthyole. Mkulu wawo anandiuza kuti malipiro anga ndi oti sanandipititse patsogolo, ndipo ndinathokoza ndi manja awiri. Mpando wa ndalema ndinaupeza uli kale m'chipinda cha eni nyumba. Che Jafali anabweza kathebulo kawo patapita masabata, n'kundipatsa moni ngati tinasiyana dzulo. Za zilombo sitinakambenso mokweza. Tikafuna kutsutsana, iwo ankayendetsa zala pathebulo ngati miyendo yambiri, ine n'kutulutsa lilime.

Akuluakulu amati kuona maso a nkhono n'kudekha. Ndikanadikira pakhonde paja mwina ndikanangofotokoza filimu n'kupitiriza kusoka. Mwinanso ayi, chifukwa masiku amenewo wodekha ndi wothawa onse ankangoyesa mwayi. Chimene ndinaphunzira n'kuyamba ndacheuka ndisanatsegule pakamwa, ndipo ndacheuka kale, kumbuyo kwangaku kulibe munthu. Tsono a Mkwapatira, ngati mukadali moyo ndipo wina akukuwerengerani izi, pamlambe paja ndinavomera chifukwa cha mantha. Chibongololo sanachibere. Chinagonja chifukwa chinalibe nzeru, ndipo miyendo yambiri si mphamvu.