Wilibala ya a Mabuleki

Aliyense amene anagulako simenti pasitolo ya zomangira ija akuwakumbukira a Mabuleki, mkulu amene ankayendetsa wilibala ngati basi. Mabasi enieniwo anayendetsa mpaka imvi mbuu, koma atapuma pantchito penshoni inali yongonunkhiza, pomwe kunyumba kunali adzukulu amasiye oti adye. Ndiye analowa ntchito yokankha katundu wa makasitomala.

M'mawa ankayamba amenya kaye tayala ndi chidendene. Pokhota ankatulutsa dzanja, hutala ankaliza ndi pakamwa. Ine ndimagulitsa penti pakauntala, ndipo tsiku lina ndinawakwezera matumba atatu.

"Mwana wanga, wapakira mopyola muyeso. Limodzi litsike, lidikire basi yachiwiri."

"Agogo, ndi simenti iyi!"

"Simenti nayonso ili ndi abale."

Abwana athu sankafuna kuona wantchito atakhala pansi. "Wotopa akapumire kwawo, pageti pali anthu ambiri ofuna ntchito," ankatero. Koma a Mabuleki anali ndi nzeru zawo. Dzuwa likafika paliwombo, wilibala inkaima pakati pa bwalo, iwo n'kukhala pansi, n'kumasuzumira kunsi kwake.

"Chavutanso n'chiyani, madala?" ankakuwa abwana.

"Injini yatentha, bwana. Izizire kaye."

"Wilibala ili ndi injini?"

"Mukanakhala dalaivala simukanafunsa."

Tinkaseka mpaka misozi, abwana omwe, ndipo mwina n'chifukwa chake sanawachotse. Injiniyo inayamba kutentha pafupipafupi, ife kuseka kokhakokha. Tsiku lina ndinawapeza kuseri kwa malata atavula jombo, miyendo itatupa ngati mitsamiro. Anandigwira dzanja.

"Usakanene, mwana wanga. Ana aja akudya miyendo yomweyi."

Anagwa masana ena, katundu ali m'wilibala. Anthu anayamba aseka kaye, poganiza kuti injini yatenthanso.

Pamaliro abwana analankhula mokoma zedi. Akuti mkuluyu anali chitsanzo, sanadwalepo, sanapemphepo mpando. Mawu amenewo amandiwawa mpaka lero.

Masiku ano pabwalo pangoti zii, katundu amangodutsa popanda woliza hutala. Wilibala akukankha ndi mkulu wina, mphunzitsi wopuma pantchito, munthu waulemu, wosalankhulalankhula. Nawonso ndawaona akuima, kugwira bondo, n'kucheukira ku ofesi ya abwana mwamantha. Kungoti iwowa alibe nthabwala yoti abisalemo.