Tsiku limene ndinalonjera Vila Cabral yense

Amene akuti ndine wabodza aimirire pompano, asadikire ndifike pakati. Palibe? Ndiye khalani phee.

Nthawi ya Apwitikizi, Lichinga uyu akali Vila Cabral, ine ndinali sikauti m'gulu la anyamata a ku Meponda, kansalu m'khosi, kuphazi kulibe kanthu. Tinakwera kuno pa lole ya usipa ndi aphunzitsi athu a Jowakimu, munthu wofatsa, wa jekete limodzi. Padre, wansembe wa kuno, sankawafuna masikauti a kunyanja. Anati, "Mudutse mzinda wonse wapansi kuyambira ku dera la Lulimile, mufike pa tchalitchi belu la madzulo lisanalire. Mukachedwa gulu latha, ndipo iwe Jowakimu choko usiye, ukagwire khasu." Munthu wa ana asanu ndi amayi ake osaona. Mukumva?

Tsono ife a ku Meponda munthu sitimudutsa. Umaima, umaomba m'manja, umafunsa za kunyumba, za ana, za mwendo uja unkavuta. Kwathu zimatheka, koma kuno anthu anali ngati nkhungu za panyanja, moti dzuwa linafika pamutu tikali pa kantina yoyamba, kasitolo ka m'mbali mwa msewu, anyamata onse akuwerama, aphunzitsi akupukuta thukuta ndi chipewa.

Ndinati, "Aphunzitsi, yendani. Moni wa gulu lonse ndausenza ine."

Abale, ndinalonjera! Pakamwa Chinyanja, m'mphuno Chiyao, Chipwitikizi chikutulukira m'makutu, a Chisilamu ndikuwapatsa salamu ndi dzanja ili pamene dzanja ili likuchita sawasha kwa sipayo, wapolisi wa Apwitikizi, ndikuomba m'manja ndi zidendene mpaka chifunga chinathawa phiri, ndipo moni wanga unayamba kuthamanga kundisiya m'mbuyo, kulowa m'mawindo, kudzutsa odwala, kufunsa amayi ogulitsa mbatatesi mmene agonera ine ndisanawaone n'komwe, ndiye mayankho aja, "tili bwino, kaya inu," anachuluka kumbuyo kwathu n'kusanduka mphepo, mphepoyo n'kutinyamula gulu lonse, mbendera ndi poto womwe, kutiulutsa pamwamba pa nyumba za ku Namacula, nkhuku zikutiyang'ana m'mwamba ndi nsanje. Mukumva? Lilime linatentha, ndinalizimitsa m'chitsime cha eni ake, madzi n'kuwira.

Komabe tchalitchi chitaonekera, wina anali atagwira kale chingwe cha belu. Aphunzitsi anangoima. Ine ndinathamanga, kuyang'ana bwino: a Bonifasiyo, a kwathu ku Meponda, amene anabwera kuno kudzagwira ntchito ya m'tchalitchi!

Ndinagwada. "Moni atate. Kunyumba?"

Anasiya chingwe kuti aombe m'manja.

"Nanga amayi? Nanga achimwene anu a bwato lobooka aja? Nanga mbuzi yopunduka ija inaswa?"

"Iwe mwana wa Saide, belu..."

"Nanga apongozi anu, chifuwa chija?"

Wa ku Meponda sadula moni pakati. Anayankha zonse, diso lili pa chingwe, mpaka mnyamata womaliza analowa pa mpanda, ndipo belu linalira aphunzitsi ataima kale pamaso pa padre, jekete atakonza. Anaphunzitsa mpaka imvi.

Za kuuluka zija, chabwino, mwina tinangothamanga. Koma belu lija, ndikulumbira, linalira mochedwa, dzuwa litalowa kale, ndipo padre anapita ndi wotchi yake kwa okonza kawiri konse.