Kuperekeza Mutinta pa Galimoto ya Alamu

Nkhani iyi kutchalitchi kwathu anthu amaidziwa kale, koma amainena mokhotetsa, ndiye kuli bwino muimve kwa mwini wakene. Manyazi ake ndi omwewo, kungoti ine ndidzanenako ndi zimene zinali mumtima.

Ndine wamtali. Osati utali woti anthu n'kumasirira, koma uja woti kondakitala wa minibasi akakuona ukubwera amayamba kudandaula usanakwere. Ndimaimba m'gulu la matamando ku Nangongwe kuno ku Kafue, mzere wakumbuyo, ndipo babu likapsa m'tchalitchi sasaka makwerero, amasaka ine.

Kutsogolo kwanga kunkaima Mutinta, mtsikana wa ku Kafue Estates. Sondo iliyonse ndinkaona pamwamba pa mutu wake, moti akasintha maluko a tsitsi woyamba kudziwa ndinali ine. Akafuna kuseka, mapewa ankayamba kugwedezeka mawu asanatuluke. Ndinkamufuna kwambiri, koma chimene chinkatuluka pakamwa panga chinali chakuti, "Mwaimba bwino lelo, sisita." Basi.

Kenako anamutumiza ntchito ya uphunzitsi ku Kasama. Kasama ndi kutali, abale. Ndinaganiza zomuperekeza pa galimoto mpaka ku Lusaka kokwerera basi, awiriwiri, kuti tikafika cha ku Shimabala ndikamuuze zonse. Mawu ndinawaloweza (ndinkayeserera m'sitolo ya zitsulo momwe ndimagwira ntchito, ndikuuza mawilibala). Nditamuuza za kumuperekeza, anavomera mosavuta.

Kuyendetsa ndimatha, ndinaphunzirira pa kalole ka kuntchito, koma galimoto ndilibe. Ndinapita kwa ba Chanda, amuna a mlongo wanga. Ali ndi kagalimoto ka zitseko zinayi ndi buti kumbuyo, kowakwana bwino iwo, mkazi wawo ndi ana. Ba Chanda ndi aafupi. Akaima pafupi nane amalankhula ndi batani la malaya anga.

"Shani mulamu, motoka tengani," anatero, moni ndi yankho pamodzi. "Koma mupando osaugwila. Unali kuyendayenda weka, ninaumanga na bauti."

"Manje ine nizakwanamo?"

"Ni motoka ya banja iyi. Aliyense akwana."

M'mawa wa ulendowo ndinayamba kulowetsa mwendo, unakanirira pansi pa chiwongolero. Ndinatuluka, n'kuyambira matako, kenako mutu, miyendo ndinachita kuinyamula ndi manja umodziumodzi. Maondo anakhala uku ndi uku kwa chiwongolero ngati munthu woimba ng'oma. Mutu unakana kuongoka chifukwa cha denga, ndiye ndinaupendeketsa chakumanzere. Munthu wanzeru akanatuluka pomwepo. Ine ndinaliza injini.

Ku Estates ndinapeza Mutinta ali panja ndi zikwama zake, atavala diresi yobiriwira imene ndinali ndisanaionepo. Kenako chitseko cha nyumba chinatseguka, n'kutuluka amake Mutinta, chitenje chatsopano m'chiuno, chikwama m'khwapa.

"Mwana wanga nizamufikisa neka pa basi," anatero.

Buti inadzaza. Thumba la nsomba zouma za kumtsinje linakhala pampando wakumbuyo, amayiwo n'kukhala kumbuyo kwanga kwenikweni, Mutinta pambali panga. (Sindinatsike kukathandiza kukweza katundu. Ndinkadziwa kuti ndikatuluka, kulowanso kukhala chionetsero.)

Tisanatuluke n'komwe mu Estates, mawu anachokera kumbuyo.

"Mwanangu, mutu uyo ufuna chani ku side ya mwana wanga?"

Ndinaupendeketsa chakumanja, kuwindo, ndipo unakhala komweko ulendo wonse.

Pa hampu yoyamba ya m'tauni liwombo linagunda denga. Pofuna kusintha giya, ndinapeza bondo langa lomwe latsekereza, ndiye ndinalikankha, ilo n'kukagunda kandodo ka mawaipa. Anayamba kukwecha galasi louma, dzuwa lili phwee.

"Mvula ili kuti?" anafunsa amayiwo.

Pofuna kuwazimitsa, chigongono chinakanikiza huta, pamsika penipeni. Azimayi ogulitsa tomato anatembenuka onse, wina mpaka anandibayibitsa. Ndinaona ndi ngodya ya diso mapewa a Mutinta akugwedezeka, ndipo ngakhale thukuta linali kuyenderera, ndinamva kukoma. Ndinalakalaka msewu wa ku Lusaka utatalika.

Mwendo wakumanzere sunagwirizane nazo. Unayamba dzanzi titangotuluka m'tauni, ndipo pofika ku Shimabala, malo omwe aja ndinawasankha kuti ndilankhulire, katumba anakokana ngati wina wamumanga ndi waya. Ndinapatukira pambali pa msewu n'kuimitsa galimoto.

"Muli che bwino, ba bulaza?" anafunsa Mutinta.

"Nili bwino. Nifuna chabe kukonza mupando pang'ono."

Chenjezo la ba Chanda ndinalikumbukira, koma mwendo unkapweteka kuposa chenjezo. Ndinapapasa m'mbali mwa mpando, n'kupeza kachitsulo. Ndinakakoka uku ndikukankha pansi ndi mapazi onse awiri. Mpando sunasunthe, bauti ya ba Chanda inagwira ntchito yake. Chimene chinamasuka ndi chotsamira. Chinagwa chagada, ine n'kugwa nacho, ndipo utali wanga wonse unathera pamiyendo pa amake Mutinta. Mutu unatera pa chikwama chawo. Ndinamva mazira owiritsa akuphwanyika m'katimo.

Ndinagona pamenepo ndikuwayang'ana kuchokera pansi, iwo akundiyang'ana kuchokera pamwamba. Kwa nthawi yoyamba m'mawa umenewo khosi linaongoka. Malole ankadutsa, galimoto n'kumagwedezeka. Mutinta anali atabisa nkhope m'manja.

Amayiwo sanakalipe. Anandiyang'anitsitsa, n'kunena mofatsa:

"Mwanangu, ngati uli na mau, bantu bamabwela ku nyumba na bakulu bao. Sibagona pa mendo."

Mwamva? Chitseko chinatsegulidwa ndi mwini nyumba. Mutinta anasiya kuseka, anachotsa manja kumaso, n'kundiyang'ana. Chimene chinkafunika ndi mawu amodzi okha, oti inde amayi, tibwera. Mawilibala onse a m'sitolo ankawadziwa mawu anga. Ine ndinatsegula pakamwa n'kunena kuti:

"Pepani amai, ni mupando."

Mutinta anatembenukira kuwindo lake.

Chotsamira chinakana kuimanso chokha, ndiye tinachichirikiza ndi thumba la nsomba, amayiwo n'kusunthira mbali ina. Tinadutsa Chilanga. Mu Lusaka magalimoto anali atathinana, ndipo pofika pokwerera basi, ya ku Kasama inali ikulira kale. Ndinadzisolola m'galimoto, koma khosi linali litauma chopendekera kumanja, moti pofuna kuyang'ana munthu ndinkatembenuka thupi lonse.

Katundu atakwera, Mutinta anaima pakhomo la basi, phazi limodzi pa sitepe. Anthu ankamukankha, iye osasuntha.

"Kuli vina vamene munafuna kukamba?" anandifunsa.

Ndinamuyang'ana chammbali, ngati nkhuku yoona chimanga. Diresi yobiriwira ija, maluko atsopano, maso akudikira.

"Muyende bwino, sisita."

Anagwedeza mutu pang'onopang'ono, n'kulowa. Ndinaima pamenepo mpaka basi inakhota. Phindu la utali ndi limenelo, umaona chinthu chikupita nthawi yaitali kuposa anzako.

Pobwerera amake Mutinta anakhala kutsogolo. Nsomba zinali zitapita ku Kasama, ndiye chotsamira tinachichirikiza ndi tayala la sipeya. Tinayenda mpaka tinayamba kuona nyumba za Kafue. Pamenepo anatulutsa dzira limodzi lophwanyika, analisenda, n'kundipatsa.

"Utali onse uyu," anatero, "mau kulibe."

Ba Chanda anandikwiyira chifukwa cha fungo la nsomba, ndipo mpaka lero akakwera ana amatsegula mawindo. Galimotoyo sindiinenera zoipa. Ndi yabwino kwa banja limene inapangidwira, ndipo wamtali mnzanga ndingomulangiza kuti ayambe wakhalamo asanalonjeze munthu ulendo. Phunziro limenelo ndinaligwira. Linalo likundivutabe.

Pa mzere wa kutsogolo kwanga tsopano pamaima mlongo wina, woimba bwino ndithu, koma ndimapezeka ndaphonya poyambira nyimbo. Mutinta amatumiza uthenga pafoni nthawi zina, kufunsa za khosi. Ndimamuyankha za khosi. Amandiuza za mvula ya ku Kasama ndi ana a m'kalasi mwake, ine n'kuwerenga mobwerezabwereza mpaka bwana kundifunsa ngati misomali idzigulitsa yokha.

Sabata yatha ndinakumana ndi amake pamsika. Anandifunsa ngati akuluakulu a kwathu anasochera njira ya ku Estates, n'kuwonjezera, akusankha tomato osandiyang'ana, kuti sukulu zikatsekera mwana wawo abwera.

Ndauza amalume kuti achapitse jekete yawo. Anandifunsa kuti kuli chiyani, ndipo ndawauza kuti ndiwafotokozera.